Njere ya Lachinayi

"Ola limodzi lokha, amayi. Limodzi! Akhala pansi pa mtondo paja, aumba kamphika kamodzi, azungu awomba m'manja, iye abwerera m'nyumba. Chovuta n'chiyani pamenepo?"

Jamali, mwana wanga woyamba, ankalankhula ataimirira pakati pa bwalo, kapepala konyezimira kali m'manja. Ine ndinali pakhonde kutonola chimanga, ndipo sindinaone chifukwa chosiyira.

"Chovuta ukuchidziwa," ndinatero. "Mlongo wako ali pa eda."

"Eda yatha kale iyi! Kwatsala masiku angati?"

"Khumi ndi asanu ndi awiri," anayankha Lukiya kuseri kwa nsalu ya pakhomo. Mawu ake anali otsika, koma sanachedwe nawo.

Kwa ife Asilamu, mkazi akaferedwa mwamuna amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi. Savala zokongola, sadzola zonunkhira, saonekera kwa amuna achilendo. Ndiyo eda imeneyo. Mwamuna wa Lukiya, Che Uladi, tinamuika mvula ili pakati. Tsiku lomwelo shehe anawerenga masiku, ndipo Lukiya anathira njere za nandolo zokwanira masikuwo m'kambiya kamene anaumba yekha. Dzuwa likalowa, akaswali pemphero la madzulo, ankachotsa njere imodzi n'kuiponya m'kambiya kena. Palibe anamuuza kutero. Anangoti kalendala ya pakhoma imathamanga kwambiri.

"Tayang'anani apa," anatero Jamali, akundiyandikizira kapepala kumaso. "Nkhope iyi ndi ya ndani?"

Inali ya Lukiya, akuseka, manja ali dongo lokhalokha. Pamwamba pake panali chithunzi cha boti loyera ndi mvuu yoyasamula.

"Mapepala amenewa ali m'mahotela onse. Boti liyambanso Lachinayi lino. Alendo akaona mvuu ndi njovu zawo, atsika padooko pathu kudzaona mudzi, ndipo amene akufunsa ndi mayi woumba mbiya uyu. A Wadson a kukampani ya boti andiimbira katatu lero."

"Uwauze a Wadson kuti woumba mbiyayo waferedwa."

"Amayi, mudzi uno si wa Lukiya yekha. A Ida ndi gulu lawo la gule akudikira boti. Oluka mikeka akudikira boti. Kumbu wasema mvuu zamitengo dzinja lonse, zadzaza thumba. Mukufuna ndikawauze chiyani? Ine ndine mwini mbumba pano, komanso ndine amene ndinakopa kampaniyi kuti iziima kwathu. Kutsidya kwa Kalembo akulifuna botili usana ndi usiku."

"Achimwene," anatero Lukiya, "mwamuna wanga uja anakukwezani panjinga yake kukusiyani kuchipatala mwendo utatupa. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Koma iye wapita, ife tatsala ndi mimba zathu."

Ndinakutumula zitsononkho pansalu yanga n'kuimirira. Zokangana zazitali sindizikonda.

"Anamuphunzitsa kuumba ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye basi. Lachinayi ndikaumba ndine. Azungu akufuna mphika kapena akufuna nkhope?"

Jamali anayang'ana zala zanga zopindika ndi nyamakazi, nayang'ana kapepala kaja. Anatuluka akukanda m'mutu.

Lachinayi boti linafika dzuwa litakwera. Linaliza hutala katatu pokhotera paja, anthu onse n'kuyamba kuvula. Ndikunena zoona. Masilipasi analowa m'tchire, mafoni analowa m'mabere, malaya abwino anasinthidwa ndi zitenje zakutha. A Wadson, mnyamata wa kampani wa kabudula wa matumba ambiri, ndiye anatiphunzitsa zimenezi. Ankati alendo salipira ulendo wonsewu kudzaona anthu ovala ngati a ku Limbe.

Ndondomeko yake inali yomweyo ya chaka chatha. A Ida, mnansi wanga wa mpingo wa Katolika, anawalandira ndi gule padooko. Kenako atsikana awiri anasinja gaga mumtondo, mzungu aliyense n'kugwirako munsi kuti ajambulidwe. Kenako amayi atatu anasenza mitsuko kuchokera kumtsinje, chikhalirecho mjigo uli kuseri kwa mzikiti ndipo kumtsinje tinasiya kutunga kalekale chifukwa cha ng'ona. Pomalizira anabwera kwa ine pansi pa mtondo.

Ndinakanya dongo, ndinakweza khoma la mphika, ndinasalaza ndi chitsononkho, ndinapinda mlomo ndi kansalu konyowa. Zala zinkawawa, koma mphika unatuluka wowongoka. Alendo anawomba m'manja pang'ono.

A Wadson anawerama pafupi nane akumwetulira kuti alendo asadziwe.

"Mami, mwathamanga kwambiri. Ndiponso simunaseke olo kamodzi. Mukukhala ngati mukudikira basi."

"Ndabwera kudzaumba. Kuseka sanandiuze."

Mayi wina wachizungu wa chipewa chachikulu anatulutsa kapepala kaja, naloza nkhope ya Lukiya, nafunsa. Sukulu ndinalekera Sitandade 6 kumishoni, koma Chingerezi cha funso lotere ndimachimva. A Wadson anamuyankha kuti akudwala. Alendo atatembenukira kwa Kumbu ndi mvuu zake, anakokera Jamali pambali, pafupi ndi ine.

"Bigi, tinagwirizana chiyani? Mtsikana uja ali kuti?"

Jamali anafotokoza zonse. Za maliro, za miyezi inayi ndi masiku khumi, za nsalu ya pakhomo, mpaka za njere za nandolo. Ankafotokoza mopepesa, kuti amumvere chisoni. Ine ndinkayang'ana nkhope ya a Wadson. Mkwiyo unachoka. M'malo mwake munabwera china.

"Miyezi inayi osatuluka? Ali m'nyumba panopa?"

"Eya."

"Ndiye njerezo amaponya tsiku lililonse?" Analiza kamluzu. "Bigi, bwanji simunandiuze kale?"

Ndinanyamula dongo langa n'kumapita. Ndikanayenera kunena mawu pomwepo. Ndinali nditatopa, msana ukuwawa, ndipo ndinaganiza kuti munthu akudabwa chabe mwambo wa anzake.

Sabata imeneyo Jamali anasanduka mwana wabwino. Analambula njira yochokera padooko mpaka pakhomo pathu. Anamubweretsera mlongo wake buledi ndi masamba a tiyi. Za ola limodzi zija sanazitchulenso.

"Achimwene abwerera nzeru," anatero Lukiya.

"Kaya," ndinatero.

Lachinayi lotsatira m'kambiya munali njere zisanu ndi ziwiri. Ndinapita kumtondo kuja m'mawa, ndinakonza dongo, ndinakhala. Hutala inalira. Ng'oma za a Ida zinalira mpaka kutha. Munsi unagunda mpaka kuleka. Ndinadikira. Dongo linayamba kuuma pamwamba, ndinaliwaza madzi. Palibe anabwera.

Nditaimirira ndinaona zipewa zikuyenda mundandanda pamwamba pa mapesi a chimanga, kulowera njira yolambulidwa ija.

Pamsinkhu wangawu sindithamanga, koma tsiku limenelo ndinayesa. Ndinapeza anthu khumi ndi awiri ali m'bwalo mwanga. Nsalu ya pakhomo la Lukiya inali itakolekedwa pamsomali, ndipo amene anaikoleka, Jamali, anali ataima pambali pake, maso ali pansi. Alendo ankasuzumira awiriawiri, amuna ndi akazi omwe, mafoni ali m'mwamba. M'katimo Lukiya anali atakhala pamkeka, atayang'ana kukhoma, atadzifunditsa chitenje mutu wonse. Phazi limodzi linatsala kunja, ndipo ankayesa kulibweza pansi pa nsalu. Bambo wina anali atagwada pakhomo kujambula timbiya tiwiri tija.

A Wadson ankalankhula mokweza m'Chingerezi, mawu achisoni ngati mlaliki. Sindinamve zonse, koma zimene ndinamva zinakwana. Ankati kuno mkazi wamasiye abale ake amamutsekera m'nyumba yamdima ngati wandende. Ankati mayiyu akuwerenga njere podikira tsiku la ufulu wake. Mayi wina wachizungu anali akupukuta misozi.

Ndinadutsa pakati pawo ndi manja anga a dongo, ndipo amene ndinamukhudza ndinamudetsa. Ndinachotsa nsalu pamsomali, ndinaitsitsa, ndinaima kutsogolo kwake. Kenako ndinasonkhanitsa Chingerezi chonse cha kumishoni chimene chinatsala m'mutu mwanga. Ndinawauza kuti uyu ndi mwana wanga. Ndinawauza kuti mwamuna wake wamwalira ndipo ankamukonda. Palibe wamutsekera, akulira. Ndinawauza kuti kwawo munthu akamalira sindikhulupirira kuti amamutsegulira chitseko anthu odutsa. Ndinamaliza ndi mawu amodzi amene asisitere ankatiuza tikachita phokoso, otanthauza kuti tulukani.

Nkhalamba ina yachizungu inavula chipewa, inanena kanthu motsitsa, n'kutembenuka. Ena anaitsatira. Mmodzi kapena awiri anandionetsa kuti akufufuta zithunzi. Ena anangolowetsa mafoni m'matumba.

"Mami, mwaononga," anatero a Wadson m'Chichewa, kumwetulira kutachoka. "Mwaononga zinthu zimene simukuzidziwa." Anatembenukira kwa Jamali. "Bigi, ndikuimbirani."

Bwalo litatsala lopanda anthu, Jamali anayamba.

"Amayi, anati aima panja. Anati ajambula khomo lokha."

"Nsaluyi anaikweza ndi a Wadson?"

Jamali anayang'ana msomali uja.

"Choka pamaso panga. Ndikalankhula tsopano ndichimwa."

Ndinalowa. Lukiya anali asanasunthe. Ndinakhala naye pamkeka mpaka dzuwa kupendeka. Sanalire. Dzuwa litalowa anaswali, napinda mkeka wake, nakhala pansi. Ndinadikira kumva kanjere kakugwa m'kambiya. Sindinamve.

"Waiwala nandolo," ndinatero.

"Sindinaiwale."

M'mawa mwake, anthu atatuluka mumzikiti, ndinaitana shehe. Anakhala pakhonde, nalankhula ndi Lukiya nsalu ili pakati pawo. Anati eda sinasweke, chifukwa iye sanatuluke ndipo sanaitane munthu. Tchimo lili kwa amene anakweza nsalu. Masiku akupitirira monga anawerengera, Lachitatu dzuwa likalowa watha, Lachinayi m'mawa amayi amusambitse atuluke.

"Ndamva, shehe," anatero Lukiya. "Zikomo."

Madzulo ake njere inagwa, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Sindinawerenge zotsala.

Loweruka Jamali anabwera ndi uthenga, koma sanabwere yekha. Anatsogoza a Ida, podziwa kuti iwo sindingawathamangitse. Tinakhala limodzi zaka makumi anayi. Mwana wanga wachitatu anabadwira m'manja mwawo.

"Abiti Selemani," anatero a Ida atakhala pansi, "zimene anachita mnyamatayu ndi zauve, ndamuuza pamaso. Ine ndikanakhala inu ndikanamuthira dongolo kumaso."

"Linali litauma."

Anaseka pang'ono, kenako anausa moyo.

"Koma tamvani. A Wadson akuti alendo ena akadandaula kwa mabwana awo. Akuti njira yokonzera ndi imodzi. Lachinayi likubwerali ndi tsiku lotuluka Lukiya, eti? Akuti alendo adzaone chisangalalocho. Amayi akumuveka nsalu zatsopano, nthungululu, mpunga wa sadaka, iye akuseka. Akaona zimenezo adziwa kuti panalibe nkhanza. Zikakanika, boti liziima kutsidya."

"Ndiye anagulitsa kulira, tsopano akufuna kugulitsa kutonthola."

"Ine sindikuwaikira kumbuyo. Koma tsiku limenelo eda ikhala itatha, aliyense akhoza kumuona. Cholakwika palibe. Abiti Selemani, inu mukudziwa za kwanga. Amuna anga aja sadzukanso pamphasa. Chimanga chathu njovu zinadya theka. Ine ndi mawondo angawa ndimavina padooko paja chifukwa chokonda gule?"

Zonse zinali zoona. Ndinayang'ana kunsalu kuja.

"Wamva, Lukiya?"

"Ndamva, amayi."

"Ukuti bwanji?"

"Eda ikatha ndituluka. Amene adzakhale panja adzandiona."

A Ida anawomba m'manja. Jamali anapuma ngati watula thumba la chimanga, nathamangira kukaimba foni. Ine ndinadabwa kufewa kwake, koma ndinali nditatopa ndi nkhaniyi, ndipo ndinafuna ithe.

Lachinayi kusanatenthe bwalo linali litadzaza. Amayi a mumzikiti anabwera ndi ndowa za madzi ofunda, sopo ndi nsalu yatsopano yobiriwira. Mpunga unali pamoto. A Ida anaika ng'oma zawo pansi pa mango. Kumbu anayala mvuu zake pamkeka pafupi ndi khomo lathu. Ena anali atavula kale masilipasi.

Ndinalowa ndi amayi awiri akuluakulu. Lukiya anali pamkeka ndi chitenje chake chakuda chomwe chija.

"Dzuka mwanawe, madzi azizira," anatero mmodzi.

Lukiya anatenga kambiya koyamba, nakapendeketsa padzanja. Munagwa njere imodzi.

"Yatsala," anatero.

"Walakwitsa kuwerenga. Shehe anati Lachitatu."

"Sindinalakwitse. Iyi ndi ya Lachinayi lapitali. Tsiku lija sindinamukhalire Che Uladi. Ndinakhalira alendo."

"Koma shehe anati eda sinasweke!"

"Sindikutsutsa shehe. Kwa Mulungu ndamaliza, alihamudulilahi. Koma ine ndinamulonjeza mwamuna wanga masiku onse, ndipo limodzi linatengedwa. Ndilibweza lero. Mawa mudzandisambitse."

Amayi aja anayang'ana ine. Mwina ankayembekeza kuti ndikalipa, pakuti amandidziwa kuti zochedwetsa sindizifuna. Ndinayang'ana kanjere kaja padzanja la mwana wanga, kouma, kokwinyika.

"Madziwo tichapira mbale," ndinatero. "Mpunga tidya. Mawa tiphika wina."

Nkhani itatuluka panja, bwalo linaphulika. Wina anati ndi kunyada. Wina anati banja la Abiti Selemani likufuna mudzi wonse ugone ndi njala chifukwa cha nandolo mmodzi. Kumbu anaponya mvuu m'thumba mwaukali mpaka ina inathyoka khutu. A Ida anakhala pa ng'oma yawo, manja ali pamawondo.

Jamali anafika pansalu paja.

"Lukiya! Lukiya, ukundipha! Boti lanyamuka kale ku Liwonde. Ndikamuuza chiyani munthu uja?"

"Achimwene, lowani."

Analowa. Mlongo wake anamuyang'ana kumaso, koyamba chichitikire zija.

"Inu ndinu mwini mbumba, munatero nokha. Ndikupemphani ntchito ya mwini mbumba. Tengani mpando mukhale pakhomopa mpaka dzuwa lilowe. Munthu asakweze nsaluyi."

"Ndiyenera kukhala padooko. Akapanda kundiona saima. Ndikapita mwina ndikamunyengerera, mwina alola gule yekha, mwina..."

"Mwina abwera nawo kuno kudzaona wamasiye wokana kutuluka. Imeneyonso ndi nkhani yokoma, eti? Pitani ngati mukupita, sindikugwirani. Amayi akhala pakhomo ndi nyamakazi yawo, monga anachitira tsiku lija."

Jamali anatuluka. Anaima pakhonde, akuyang'ana njira imene analambula yekha. Foni inalira m'thumba mwake. Anaitulutsa, anaiyang'ana, inalira mpaka kuleka. Inayambanso. Anthu onse ankamuyang'ana.

"Jamali, thamanga!" anakuwa Kumbu.

Mwana wanga anapita kuseri kwa nyumba. Ndinaganiza kuti wadzera njira yachidule ya kudooko. Anabwerera atanyamula kampando ka bambo ake, anakaika kutsogolo kwa nsalu, nakhala. Foni anaizimitsa, naiika pansi pafupi ndi phazi.

Hutala inalira pokhotera paja. Katatu, monga mwa masiku onse. Ena anathamangira kudooko ndi mikeka yawo, koma opanda ng'oma, opanda wowalankhulira. Tinamva injini ikutsika mawu, ikudikira. Inalizanso kamodzi, kotalika. Kenako injini inakwera, mawu ake n'kumapita cha kutsidya mpaka kuzimirira.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, ambiri osatsanzika. Ena anayamba kufunafuna masilipasi awo m'tchire. A Ida ndiwo anatsala. Patapita nthawi anadzuka movutikira, nasenza ng'oma.

"Mawa madzi ndibweretsa ndine," anatero osandiyang'ana. "Koma lero musandilankhule, Abiti Selemani."

"Ndamva."

Dzuwa linatentha tsiku limenelo. Mthunzi unachoka pakhonde, koma Jamali sanasunthe mpando. Ndinamupatsa mpunga, anadya pang'ono. Nkhuku ikayandikira nsalu ankaiingitsa ngati ndi munthu. Ndinatenga chimanga changa n'kupitiriza kutonola, pakuti boti liime kapena lisaime chimafunika kulowa m'thumba.

Dzuwa litalowa, mawu a muazini oitanira anthu kumapemphero atatha, tinamva Lukiya akupinda mkeka m'katimo. Kenako kanjere kanagwa pamwamba pa zinzake. Kanali kaphokoso kochepa kwambiri, koma tonse awiri tinakamva.

Jamali anaphimba nkhope ndi manja.

"Dzuka," ndinamuuza. "Bweza mpando wa bambo ako, ukatole nkhuni. Mawa kuli madzi ofunditsa."